Chingwe Chimodzi, Kompyuta Imodzi: Mbiri ya Kabokosi Kamene Kanatimangira Mpanda

Pali funso limene limabwerabwera pakati pa anthu okonda kugwiragwira makina: kodi ndingatenge chingwe cha intaneti chimene chalowa m'nyumba n'kuchilumikiza ku kompyuta mwachindunji, osadzera pa rauta? Yankho lalifupi ndi loti inde, nthawi zambiri zimatheka. Yankho lalitali ndi limene ndikufuna tikambirane lero, chifukwa kafunso kooneka kachabechabe kameneka kali ndi mbiri ya zaka zoposa 60. M'kati mwake muli milandu ya kukhoti, muli mavairasi, komanso muli nkhani yoti ndani ali ndi adiresi yakeyake pa intaneti ndipo ndani akungobwereka ya mnzake.

Tiyambe tasiyanitsa zinthu ziwiri zimene ambirife timaziphatikiza. Modemu ndi womasulira. Imatenga chilankhulo cha kompyuta n'kuchisandutsa chinthu chotha kuyenda pa waya wa foni, pa fibre kapena pa mafunde a mumlengalenga, ndipo zobwera imazimasuliranso. Rauta ndi wolondolera njira. Imayang'ana adiresi pa kaphukusi kalikonse ka uthenga n'kusankha koti kalowere. Kabokosi kamene kamaphethira timagetsi pa shelefu, kapena ka MiFi kamene mumayenda nako m'thumba, nthawi zambiri kamakhala ndi zonse ziwiri m'mimba mwake, n'chifukwa chake timangoti "Wi-Fi" basi. Koma ziwirizi sizinalowe m'nyumba tsiku limodzi. Kwa zaka zambiri munthu wamba ankadziwa modemu yokha.

Pamene kulumikiza chinthu pa waya kunali kuswa lamulo

Ku America, kwa zaka zambiri za m'ma 1900, kampani ya AT&T inali mwini wa pafupifupi chilichonse chokhudza lamya: mapolo, mawaya, ngakhale foni yeniyeniyo imene inali pa tebulo m'nyumba mwako. Sunkagula foni, unkachita lendi. Malamulo a kampaniyo ankaletsa kulumikiza chipangizo chilichonse chimene sinapange yokha, ati poopa kuti chiwononga netiweki.

Chiletsocho chinafika poseketsa. Kunali kachipangizo kotchedwa Hush-A-Phone, kokhala ngati kakapu, kamene unkaveka polankhulira pa foni kuti oyandikana nawe asamve zokamba zako. Kanalibe magetsi, kanalibe waya. Koma AT&T inati nakonso n'koletsedwa, mpaka nkhani inakafika kukhoti, ndipo mu 1956 khoti linagamula kuti munthu ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito foni m'njira yomupindulira bola asawononge za ena. Patapita zaka 12 panabwera mlandu wina waukulu. Thomas Carter wa ku Texas anapanga Carterfone, chipangizo cholumikiza wailesi yolankhulirana ndi lamya, chimene chinkathandiza anthu ogwira ntchito kutali ndi mawaya, monga a kumigodi ya mafuta. Mu Juni 1968 bungwe loyang'anira zamtokoma m'dzikolo, la FCC, linagamula kuti chipangizo chilichonse chosavulaza netiweki chikhoza kulumikizidwa.

Mamodemu analipo kale nthawi imeneyo. AT&T yomweyo inatulutsa Bell 103 mu 1962, yothamanga ma bit 300 pa sekondi. Kuti timvetse, chithunzi chimodzi cha 3MB chimene timaponyerana pa WhatsApp osaganizako n'komwe chikanatenga maola oposa 22. Amene sankafuna ya lendi ankazemba lamulo ndi nzeru ina: unkaimba nambala ndi dzanja, ukamva kulira kwa kompyuta ya kutsidya, n'kugoneka chogwirira cha foni pa timakapu tiwiri ta labala. Makina awiri ankanong'onezana kudzera m'mawu, popanda waya kukhudzana. Chigamulo cha Carterfone ndi chimene chinatsegula njira yoti m'zaka za m'ma 1970 pakhale kabowo kofanana pa khoma, kamene aliyense akanatha kulowetsapo chipangizo chake.

Ndiye mukamafunsa ngati mungalumikize kompyuta yanu pa chingwe mwachindunji, dziwani kuti funso loyamba m'mbiri silinali lakuti "zitheka?" Linali lakuti "alola?"

Rauta inalipo kuyambira usiku woyamba

Pano pali chinthu chimene chimandisangalatsa. Intaneti sinakhalepo yopanda rauta. Pamene asayansi ankakonza ARPANET, kholo la intaneti, vuto lawo linali loti makompyuta akuluakulu a m'mayunivesite anali amitundu yosiyanasiyana ndipo sankamvana. Mu 1967 Wesley Clark anapereka ganizo loti m'malo movutitsa makompyuta aakuluwo, pa malo aliwonse paikidwe kompyuta ina yapadera yongogwira ntchito yolandira ndi kutumiza timaphukusi. Anaitcha IMP. Kampani ya BBN ndiyo inapanga, ndipo kukula kwake inali ngati firiji.

Pa 29 Okutobala 1969, wophunzira wina wa pa UCLA ku Los Angeles, Charley Kline, anayesa kutumiza mawu oti LOGIN ku kompyuta ya ku Stanford Research Institute. Zilembo ziwiri zokha, L ndi O, ndi zimene zinafika, kenako makina anakomoka. Zilembo ziwirizo zinadutsa m'ma IMP awiri, agogo a kabokosi ka pa shelefu kaja. Pofika Disembala chaka chomwecho malo olumikizidwa anali anayi. M'zaka za m'ma 1970 Virginia Strazisar wa ku BBN analemba pulogalamu yoyambirira yolumikiza manetiweki osiyana, ndipo mu 1984 Leonard Bosack ndi Sandy Lerner, amene ankagwira ntchito pa yunivesite ya Stanford, anayambitsa Cisco, kampani imene inasandutsa rauta kukhala malonda.

Choncho mawu oti "popanda rauta" satanthauza kuti palibiretu. Amangotanthauza kuti m'nyumba mwanu mulibe. Rauta yoyamba imene uthenga wanu ukumane nayo ikhala ya kampani yokugulitsani intaneti, ndipo kuseri kwake kuli ena ambirimbiri, mpaka kukafika kumene mukupita.

Koma amene anamanga intaneti anali ndi mfundo imodzi yofunika. Mu 1981 akatswiri atatu a ku MIT, Jerome Saltzer, David Reed ndi David Clark, anaifotokoza bwino: netiweki pakatipa isamachite zambiri, izingonyamula katundu, ndipo nzeru zizikhala m'makompyuta a kumapeto. Kompyuta iliyonse inkayenera kukhala ndi adiresi yake, yotha kutumiza komanso kulandira. Panalibe bwana ndi wantchito. N'chifukwa chake Tim Berners-Lee ali ku CERN, ku Geneva, anatha kuyendetsa webusaiti yoyamba pa kompyuta ya NeXT ya mu ofesi mwake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, popanda kukapempha chilolezo kwa eni mawaya a dziko lonse. Kompyuta yake inali ndi adiresi, ndiye aliyense akanatha kugogoda.

Zaka za phokoso

Munthu wamba analowa m'nkhaniyi kudzera pa waya wa foni. Mu 1978 ku Chicago, Ward Christensen ndi Randy Suess anakhazikitsa kompyuta imene anthu ankaiimbira foni ndi mamodemu awo n'kusiyirana mauthenga, ngati bolodi ya zidziwitso. Mu 1981 kampani ya Hayes inatulutsa Smartmodem, imene inkatha kuimba yokha nambala ikalamulidwa ndi kompyuta. Malamulo ake ankayamba ndi zilembo AT. Zisungeni zilembo zimenezi, tikumana nazonso kwathu kuno. Mu 1984 Tom Jennings anayambitsa FidoNet, njira yoti makompyuta otere aziimbirana usiku, mafoni akatsika mtengo, n'kupatsirana makalata onse amene asonkhana tsikulo.

FidoNet ndi imene inatsegulira chigawo chathu khomo. Ku South Africa, pa yunivesite ya Rhodes, Mike Lawrie ndi anzake anayamba kutumiza imelo kunja kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kudzera kwa Randy Bush wa ku Portland, ku America, nthawi imene dzikolo linali losalidwa chifukwa cha tsankho. Mu Novembala 1991 ulalo womwewo unasanduka intaneti yeniyeni. Ku Zambia, yunivesite ya dzikolo inabala ZAMNET mu 1994. Kwathu kuno, imelo yoyambirira inkadzera pa FidoNet ku Chancellor College ku Zomba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ntchito imene Dr Paulos Nyirenda anaitsogolera, ndipo MalawiNet inayamba kugulitsa intaneti mu 1997.

Ine ndinabadwa cha m'nyengo yomweyo, ndiye phokoso la modemu ndinalimva kumapeto kwenikweni, lili pafupi kuzimirira. Achikulire athu amalikumbuka bwino: kulira, kukhosomola, kenako phokoso ngati la wailesi yosowa siteshoni. Sikunali kuwonongeka ayi. Mamodemu awiri ankakhala akupatsana moni, kuyeza waya, n'kugwirizana liwiro loti alankhulire. Pofika 1998 liwiro lapamwamba linali 56k, ndipo chithunzi chija cha maola 22 chinatsika kufika pa mphindi pafupifupi 7. Wina akanyamula foni m'nyumbamo, intaneti inkaduka. Bilu inkawerengedwa pa mphindi.

Koma taonani chimene chinkachitika. Chingwe chimodzi, kompyuta imodzi. Ukangolowa, kampani inkakubwereka adiresi yeniyeni ya pa intaneti, yooneka kwa dziko lonse, mpaka utadula. Mwana wasukulu wa ku Blantyre wokhala ndi modemu, pa mphindi zimenezo, anali ndi khomo lake pamsewu womwewo umene panali makomo a mayunivesite akuluakulu. Khomo laling'ono, lapang'onopang'ono, lodula, koma lake.

Ma adiresi atayamba kuchepa

Dongosolo la ma adiresi limene linalembedwa mu 1981, la IPv4, lili ndi ma adiresi 4,294,967,296. Kwa anthu amene ankalumikiza makompyuta mazana angapo, nambala imeneyi inkaoneka yosatha. Ndiye anagawa mowolowa manja kwa amene analipo. Kampani ya Apple yokha inalandira chigawo chonse choyamba ndi 17, chomwe ndi ma adiresi 16,777,216. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi tinali 17.5 miliyoni. Yerekezani nokha. Bungwe logawa ma adiresi ku Africa, la AFRINIC, lomwe likulu lake lili ku Mauritius, linavomerezedwa mu 2005, ma adiresi ambiri atagawidwa kale. Pa 3 Febuluwale 2011 zigawo zomaliza za m'nkhokwe yaikulu ya dziko lonse zinagawidwa. Lero anthu padziko tapitirira 8 biliyoni, ndipo ambiri ali ndi zipangizo zoposa chimodzi.

Akatswiri anaona vutoli kudakali m'mawa. Mu 1994 Kjeld Egevang ndi Paul Francis analemba njira imene ankati ndi yongogwirizira, yotchedwa NAT. Chaka chomwecho panapatulidwa ma adiresi a "m'kati mwa mpanda", amene aliyense angagwiritse ntchito kwawo koma sayenda pamsewu waukulu. Nambala zija zoyamba ndi 192.168 zimene mumaziona mukatsegula zoikamo za Wi-Fi ndi zimenezo.

Amene anakulira kumudzi amvetsa msanga. Kale anthu a mudzi wonse ankalandirira makalata pa bokosi limodzi la positi, la sukulu kapena la tchalitchi. Dziko lakunja linkadziwa bokosi limodzi, ndipo aphunzitsi aakulu ndi amene ankadziwa kuti kalata iyi ndi ya uje. NAT imagwira ntchito chimodzimodzi, kungoti mphunzitsi wake ndi wokhwima. Amalemba m'kaundula aliyense amene watumiza kalata kunja, ndipo amangolandira mayankho a makalata amenewo. Kalata yochokera kwa mlendo, imene palibe anaiitanitsa, amaitaya chifukwa sadziwa woti amupatse.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunabwera intaneti yosaduka, ya ADSL pa waya wa foni ndi ina ya pa chingwe cha TV. Kampani inkakupatsa modemu ndi adiresi imodzi, poganiza kuti uli ndi kompyuta imodzi. Pa ADSL nthawi zambiri unkalowa ndi dzina ndi pasiwedi kudzera pa njira yotchedwa PPPoE, imene inalembedwa mu 1999. Mabanja atayamba kukhala ndi makompyuta awiri kapena atatu, makampani ngati Linksys anayamba kugulitsa timarauta totsika mtengo tokhala ndi NAT m'kati. Wi-Fi itafala, ndipo Linksys itatulutsa WRT54G ya buluu ija mu 2002, kabokosiko kanakhazikika m'nyumba. Anthu sankakagula chifukwa cha chitetezo. Ankangofuna kugawana chingwe.

Chaka cha nyongolotsi

Chitetezo chinadziwika ndi mavuto. Pali mtundu wa pulogalamu yoipa imene akatswiri amaitcha worm, kutanthauza nyongolotsi. Iyi sidikira kuti utsegule fayilo kapena udine linki. Imangoyendayenda yokha pa intaneti, kugogoda pa adiresi iliyonse, ikapeza khomo losakhoma n'kulowa, kenako n'kuyamba kugogoda kwa ena kuchokera mwako. Yoyamba kutchuka inali ya Robert Morris mu Novembala 1988, koma nthawi imeneyo intaneti inali ya mayunivesite ndi boma.

Mu Ogasiti 2003 inabwera Blaster. Inkalowa m'makompyuta a Windows XP ndi Windows 2000 kudzera pa khomo nambala 135, ndipo ambiri ankangoona uthenga woti kompyuta izima pakatha masekondi 60. Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chotseka bowolo mwezi wa Julayi, koma anthu ambiri anali asanachiike. Vuto linafika poti munthu ankaika Windows yatsopano, n'kulumikiza ku intaneti kuti atsitse chigambacho, nyongolotsi n'kulowa asanamalize kutsitsa. Mu 2004 inatsatira Sasser, yolembedwa ndi mnyamata wina wa ku Germany, ndipo inachita zofanana.

Ndani anavulala kwambiri m'nyumba za anthu? Amene kompyuta yawo inali pa chingwe mwachindunji. Amene anali kuseri kwa karauta kotchipa kaja nthawi zambiri anapulumuka, osati chifukwa kanali kanzeru, koma chifukwa mphunzitsi wamkulu uja ankataya makalata a alendo. Chinthu chimene chinapangidwa pofuna kupulumutsa ma adiresi chinapezeka kuti ndi mpanda. Mu Ogasiti 2004 Microsoft inatulutsa Service Pack 2 ya Windows XP, imene inayatsa firewall ya m'kompyuta kuyambira pachiyambi, ndipo kuchokera pamenepo kulumikiza mwachindunji kunasiya kukhala koopsa ngati kale. Koma maganizo anali atasintha kale. Rauta inasanduka mlonda, ndipo kukhala wopanda rauta kunayamba kuoneka ngati kugona chitseko chili pululu.

Mlondayo naye si mngelo. Mu 2016 pulogalamu yotchedwa Mirai inalanda marauta ndi makamera ambirimbiri pongoyesa mapasiwedi pafupifupi 60 amene zipangizo zimabwera nawo kuchokera ku fakitale. Pa 21 Okutobala chaka chimenecho gulu la zipangizo zogwidwazo linaukira kampani ya Dyn, ndipo Twitter, Netflix ndi masamba ena akuluakulu anasowa kwa maola angapo m'madera ena. Ngati pasiwedi yolowera mu rauta yanu ikadali "admin", nkhaniyi ikukukhudzani.

Ife a dongle ndi bandulo

Ambirife sitinadutse njira ya ku America ija. Mawaya a foni sanafike m'nyumba zambiri m'Malawi muno, ndiye intaneti inatipeza kudzera pa nsanja za mafoni a m'manja. Chimene m'badwo wanga unachidziwa ngati "kulumikiza mwachindunji" ndi dongle. Ndili ku sekondale ndinkaona achimwene a m'dera lathu ataimangirira pa zenera ndi chingwe chachitali cha USB, kusaka malo amene kagetsi kasinthe mtundu. Chimene sitinkadziwa n'choti dongle yoyambirira inali modemu yeniyeni, mdzukulu wa Hayes. Pulogalamu yake inkatumiza malamulo oyamba ndi AT aja a 1981, n'kuimba nambala *99#. Inali dial-up yopanda phokoso.

Koma panali kusiyana kumodzi kwakukulu. Adiresi imene kompyuta inkalandira nthawi zambiri sinali ya pamsewu waukulu. Makampani a mafoni ali ndi makasitomala mamiliyoni koma ma adiresi ochepa, ndiye amaika NAT yawoyawo yaikulu ku likulu, ndipo anthu ambirimbiri amatulukira pa adiresi imodzi. Mu 2012 panapatulidwa chigawo chapadera cha ntchito imeneyi, choyambira pa 100.64 kukafika pa 100.127. Madongle a pambuyo pake ndi ma MiFi anadzakhalanso marauta paokha, ndipo amene anagwiritsapo ntchito a Huawei akukumbuka 192.168.8.1. Mukayatsa hotspot pa foni, foni yanuyo yasanduka rauta. Ndiye laputopu ili kuseri kwa mpanda wa foni, ndipo foni ili kuseri kwa mpanda wa kampani. Ngakhale Starlink, imene inafika m'dziko muno mu 2023, pa mapulani ake wamba imagawanitsa adiresi imodzi ya IPv4 kwa makasitomala angapo.

Mwina mukuti, nanga vuto lili pati, si TikTok ikutseguka? Ikutsegukadi. Kuonera, kumvera ndi kutsitsa zonse zimayenda, chifukwa ndinu mwayamba kutumiza kalata. Chimene chimavuta ndi kugogodedwa. Mnyamata wophunzira kupanga mawebusaiti ku Mzuzu sangangoyatsa seva pa laputopu yake yakale n'kuuza mnzake wa ku Lusaka kuti alowe, monga anachitira Berners-Lee. Mayi wa shopu amene waika kamera sangaione ali kutali popanda kudzera pa seva ya kampani ina kunja kwa dziko. Pa chilichonse pamafunika mkhalapakati, ndipo mkhalapakatiyo kawirikawiri amalipidwa m'madola, ndalama imene tonse tikudziwa mmene imasowera. Palinso kachilango kena. Mukaona webusaiti ikukufunsani kambirimbiri kuti mutsimikize kuti sindinu loboti, nthawi zina chifukwa chake n'choti wina amene mukugawana naye adiresi wachita zokayikitsa. Bokosi la positi likaipa mbiri, mudzi wonse umaipa nalo.

Sindikunena kuti NAT ndi chiwembu. Popanda iyo ambirife sitikanalowa n'komwe pa intaneti. Ndikungonena kuti amene anafika mochedwa anapeza malo a m'mbali mwa msewu atatha, ndipo anapatsidwa zipinda za kuseri. Ifeyo tinafika mochedwa.

Mukafuna kuyesa lero

Ngati muli ndi intaneti ya chingwe, ya fibre kapena ya mlongoti wa padenga, kuchotsa rauta kumathandiza makamaka pofufuza vuto. Intaneti ikamachedwa, kulumikiza laputopu mwachindunji kumakuuzani ngati wolakwa ndi Wi-Fi ya m'nyumba kapena chingwe chochokera kunja. Mumatenga chingwe cha Ethernet chimene chimalowa pa kabowo ka WAN ka rauta, n'kuchilowetsa mu kompyuta. Makampani ena amapereka adiresi yokha mukangolumikiza. Ena amafuna dzina ndi pasiwedi ya PPPoE, zimene muyenera kuziika pa kompyuta popanga kulumikizana kwatsopano. Ena amazindikira chipangizo chimodzi chokha chimene anachilembetsa, ndiye pamafunika kuzimitsa modemu n'kuyatsanso, kapena kuwaimbira. Ngati modemu ndi rauta zili m'bokosi limodzi, simungazilekanitse ndi manja. Pamafunika kuliika bokosilo pa bridge mode, ndipo si makampani onse amalola.

Kumbukiraninso kuti fibre yeniyeniyo, kawaya kopyapyala kagalasi kaja, sikalowa mu laputopu. Kabokosi kosandutsa kuwala kukhala magetsi kayenera kukhalapo basi. Ndipo musanayambe, onetsetsani kuti firewall ndi yoyaka, kompyuta yalandira zigamba zonse zatsopano, netiwekiyo mwaiika ngati ya pagulu, ndipo kugawana mafayilo n'kozimitsa. WannaCry ya mu Meyi 2017 inafalikira kudzera pa khomo la kugawana mafayilo, nambala 445, m'makompyuta osaikidwa zigamba. Paja akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mukamaliza kuyesa, bwezeretsani rauta, chifukwa pa chingwe chachindunji palowa chipangizo chimodzi chokha ndipo mafoni a m'nyumba onse akhala akukuyang'anani.

Pali kayeso kena kosavuta. Onani adiresi imene kompyuta kapena rauta yanu yalandira kuchokera ku kampani, kenako funsani Google kuti adiresi yanu ya IP ndi chiyani. Zikafanana, muli pamsewu waukulu. Zikasiyana, makamaka ngati yoyambayo ikuyamba ndi 10 kapena ili pakati pa 100.64 ndi 100.127, dziwani kuti mwachotsa mpanda wanu koma wa eni mudzi ukadalipo.

Mpanda ndi adiresi si chinthu chimodzi

Mankhwala enieni a kuchepa kwa ma adiresi analembedwa kalekale, m'zaka za m'ma 1990. Ndi IPv6, imene ili ndi ma adiresi ochuluka moti chipangizo chilichonse padziko chikhoza kukhala ndi yake popanda kudera nkhawa zoti adzatha. Pa 6 Juni 2012 makampani akuluakulu monga Google ndi Facebook anaiyatsa kosatha. Pa IPv6 rauta ikhoza kukhalabe mlonda wotsekereza alendo osaitanidwa, koma mwini nyumba ali ndi adiresi ndipo akhoza kutsegula geti kwa amene akufuna. Mbiri inatiphatikizira zinthu ziwirizi mwangozi, mpaka tinayamba kuganiza kuti kukhala wotetezeka n'chimodzimodzi kukhala wosapezeka.

Tikamakangana za intaneti m'dziko muno, nkhani imakhala mtengo wa bandulo ndi kuthamanga kwa netiweki, ndipo m'pomveka, chifukwa ndi zimene zimaluma m'thumba. Ine ndingawonjezepo funso lachitatu loti tizifunsa amene amatigulitsa intaneti: kodi IPv6 mumapereka? Thomas Carter anamenyera ufulu woti munthu alumikize chipangizo chake pa waya. Ufulu umenewo tili nawo, ndipo sitiuganiziranso. Umene watsala ndi woti chipangizocho, chikalumikizidwa, chikhale ndi khomo limene munthu wa ku Chipata, ku Tete kapena ku Johannesburg angagogodepo.